Tchuthi cha Korkor, Mwana wa Sefakor

Pa fakitale yathu ya mabisiketi mumzinda wa Tema, mzimayi akachira timapita kukaona mwana Loweruka loyamba. Sitipita chimanjamanja. Timanyamula beseni latsopano, sopo wochapira, paudala, ndi nsalu yoyera yoti mayiyo azivala kuti aliyense pamsewu adziwe kuti munthuyu wapulumuka. Ine Oforiwaa, mlembi wa mu ofesi yoona za antchito, ndayenda maulendo amenewa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo ndinkadziyesa munthu woti palibe chingandidabwitse. Ulendo wa kwa Korkor ndi umene unandithetsa matama.

Korkor amagwira ntchito kolongedza. Ndi mayi wa ana atatu, ndipo mwamuna wake anamwalira zaka zinayi zapitazo. Mimba yake itayamba kuoneka palibe anamufunsa kanthu. Kwathu kuno mimba sitiifunsa. Suloza, sufunsa mwezi, sufunsa mwini wake. Umangomupatsa mpando munthuyo n'kumulanda makatoni olemera. Kumbali, ndithu, tinkamudya miseche. Ena ankati ndi ya mbusa wa kutchalitchi kwake, ena ankati ndi ya mlonda wa pageti, ndipo ine, Mulungu andikhululukire, ndinkalimbikira za mlonda chifukwa ndinawaonapo akudya waakye, mpunga wophika ndi nyemba, mbale imodzi. Atabweretsa kalata ya dokotala ndinamulembera masabata khumi ndi awiri a tchuthi cha uchembere, monga buku la malamulo a kampani likunenera, ndipo bwana Quarcoo, mkulu wa ofesi yathu, anasaina osayang'ana n'komwe.

Uthenga unafika woti wachira Lachiwiri, mwana wamkazi. Loweruka tinakwera trotro, minibasi ya kwathu kuno, anthu anayi kupita ku Ashaiman kumene Korkor amakhala. Beseni ananyamula Adiza, mtsogoleri wa gulu lathu la amayi, munthu woti akamanong'ona amamveka kugeti. Njira yonse ankatipangira kuti tikayang'anitsitse makutu a mwanayo, chifukwa a mlonda uja ndi osasowa.

Titalowa pabwalo, tonse tinayang'ana pachingwe nthawi imodzi. Panali mayunifomu a sukulu a ana aja, koma thewera ngakhale limodzi panalibe. M'nyumba munali zii. Korkor anakhala pamkeka akumwa msuzi wa tsabola, pachifuwa atamanga nsalu molimba kwambiri. Panalibe kafungo kaja ka mwana wakhanda, panalibe kansalu koyala pambali pake.

Mtima wanga unagwa. Khanda likapita lisanakwanitse masiku asanu ndi atatu sitilira mokweza, choncho tinangokhala pansi mwakachetechete. Ndinakankhira nsalu yoyera ija kumbuyo kwanga kuti asaione. Adiza anapukuta misozi ndi mpango wake n'kugwira Korkor pabondo.

"Pepa, m'bale wanga. Anali mlendo, wabwerera. Limba mtima."

Korkor anaika mbale pansi. "Wabwerera kuti? Anti Adiza, musandilodzere mwana. Ali bwinobwino, wonenepa. Ali kwa mayi ake."

"Mayi ake? Nanga iwe ndiwe ndani, azakhali ake?"

"Mayi ake ndi Asisi Sefakor a ku labotale."

Kukamwa kunali yasa, tonse anayi. Sefakor ndi amene amayeza ufa ndi mafuta mabisiketi asanaphikidwe. Ndi mzimayi wofatsa, wowonda ngati nsungwi, wakhala pabanja zaka khumi ndi chimodzi popanda mwana. Sabata imeneyo anachedwa kuntchito masiku atatu otsatizana, ndipo Lachisanu ndinali nditamukalipira ndekha kuti fakitale si ya amalume ake.

Woyamba kupeza mawu anali Adiza. "Korkor! Wagulitsa mwana?"

"Ndigulitse bwanji chinthu chosakhala changa? Mbewu ndi yawo, iwo ndi amuna awo. Madokotala anaiika mwa ine. Chiberekero chawo sichisunga, changa chimasunga. Ndawasungira miyezi isanu ndi inayi, ndawapatsa."

"Ndiye si wa mlonda?" anafunsa mmodzi wa anzathu aja, mawu ake ngati munthu amene wamanidwa chakudya.

"Mlonda uti? Kodi mumandinena zimenezo?"

Ine mutu unali utaima. Zoberekerana ana ndinali nditazimvapo pa wailesi, koma ndinkati ndi za akazi olemera a ku East Legon oyendera magalimoto a magalasi akuda. Apa zinali mu fakitale mwanga momwe, pakati pa akazi awiri amene ndinkawapatsa moni m'mawa uliwonse, ndipo fomu yake ndinalemba ndine. Tikanakhala anthu ofunsa tikanadziwa kalekale.

Kenako panabuka nkhani ya beseni. Tipatse ndani? Wachira ndi uyu, mwana ali kwina. Adiza anagawa sopo pakati ngati akugawa za masiye. Nsalu yoyera Korkor anaikana.

"Imeneyo kapatseni iwo. Ine ndikavala zoyera, pamsika azindifunsa kuti mwana ali kuti."

Lolemba m'mawa ndinaitanitsa Sefakor ku ofesi kwanga n'kutseka chitseko. Analowa maso ali psuu, akuganiza kuti ndimukalipiranso. Pabulauzi yake panali ponyowa. Anali atamwa mankhwala kwa miyezi iwiri kuti mkaka ubwere, ndipo unali utayamba kubwera pang'ono.

"Mwana wanga, bwanji osanena?"

Anandiyang'ana, n'kudziwa kuti ndadziwa. Anakhala pampando mwa phee. "Ndikananena chiyani, Anti? Kanayi konse ndinanena kuti ndili ndi pakati. Kanayi konse munabwera kunyumba kudzandipepesa. Ulendo uno ndinati ndinena ndikamugwira m'manja."

"Nanga panopa ali ndi ndani?"

Anali ndi amayi ake a Sefakor, amene anabwera kuchokera ku Ho, koma ankayenera kubwerera akangomutcha dzina mwanayo chifukwa anasiya bambo wodwala sitiroko. Mwamuna wa Sefakor, Kudzo, amayendetsa thiraki mpaka ku Ouagadougou, ndipo akapita amatha masabata awiri kapena atatu. Tchuthi cha Sefakor cha pachaka chinali chitathera m'maulendo a kuchipatala. Ankangofuna chinthu chimodzi, chomwe ine ndapatsa akazi oposa zana osaganiza kawiri: miyezi itatu yokhala ndi khanda lake, ntchito ikumudikira.

"Zimenezo n'zosavuta," ndinatero. Ndinatulutsa fomu, tinalemba, tinapita kwa bwana Quarcoo.

Bwana Quarcoo si munthu woipa. Ndi mkulu wa mpingo, amayendera odwala, ndipo pa maliro a amayi anga ananyamula nawo bokosi. Vuto lake ndi buku. Buku likanena kuti kunja kuli dzuwa, iye amatuluka wopanda ambulera ngakhale mvula ikugwa. Anamvetsera nkhani yonse atagwira pakamwa, anavula magalasi, anavalanso, kenako anati, "Ee! Zimatheka zimenezi?" Anamugwira chanza Sefakor ndi manja awiri n'kumufunira mafuno abwino. Atatero anatsegula buku.

"Apa akuti mzimayi amene wachira, pobweretsa kalata ya dokotala yonena tsiku. Mayi Sefakor, kalata muli nayo?"

"Ndili ndi pepala losonyeza kuti mwana ndi wanga, bwana."

"Limenelo ndaliona. Ndikunena kalata yoti inuyo munachira."

"Bwana," ndinalowerera, "anachira ndi Korkor, mukudziwa."

"Ndiye chake, Anti Oforiwaa. Korkor tamupatsa kale. Mwana mmodzi, tchuthi ziwiri?"

Magazi anandithamangira kumutu. "Kodi tchuthichi n'cha mimba kapena n'cha mwana?"

"N'cha chimene chalembedwa."

"Ndiye khanda la masiku asanu ndi awiri lizisamba lokha? Liziphika lokha phala?"

"Anti, musandikweze mawu. Bukuli sindinalembe ndine."

Ndinayesa njira zonse. Ndinati agawane masabatawo, Korkor asanu ndi limodzi, Sefakor asanu ndi limodzi. Anati masabata a Korkor ndi a Korkor, sangamulande. Ndinati ampatse tchuthi chosalipidwa. Anaimbira foni eni fakitale ife tili pomwepo, n'kumangoti "inde bwana, inde bwana", ndipo ataika foni anatiuza kuti akana. Ati labotale singakhale yopanda munthu miyezi itatu pa nkhani imene mulibe m'buku, ndipo akalola mmodzi mawa abwera khumi. Khumi ochokera kuti? Zaka zonsezi ndaona mmodzi yekha.

Kenako nkhope ya bwana Quarcoo inawala ngati watola chinthu. Anatembenuza masamba.

"Dikirani. Pali masiku asanu amene timapatsa abambo mkazi wawo akachira. Apa sakufuna kalata ya dokotala. Amenewa ndingakupatseni lero lomwe."

Sefakor anayang'ana pabulauzi yake yonyowa ija, n'kuyang'ana bwanayo. "Ndine bambo, bwana?"

"Pa bukuli ndi pamene mukukwanira."

Ndinachita manyazi ngati ndanena ndine. Sefakor anasaina. Akanatani?

Monga mwa mwambo wa kwathu, mwanayo anamutulutsa panja m'bandakucha wa tsiku lachisanu ndi chitatu, anamulawitsa madzi, n'kumutcha Aseye. Tonse a gulu la amayi tinapita titavala zoyera. Adiza anavina mpaka mpango unagwa, ndipo anamveka akuuza anthu kuti makutu a mwanayo ndi a Kudzo enieni. Korkor sanabwere. Anatumiza mazira ndi uthenga woti mwendo ukumupweteka.

Zimene zinatsatira zinali nzeru zanga, ndipo sindidzazikana. Alendo atabalalika ndinamukokera Sefakor kukhitchini.

"Tamvera. Korkor ali ndi tchuthi, alibe mwana. Iwe uli ndi mwana, ulibe tchuthi. Iye mkaka ukumupweteka, wako ndi wochepa. Bwanji m'mawa uzikamusiya kwa Korkor, madzulo uzikamutenga? Pomwe tchuthi chake chizidzatha, Aseye adzakhala atakhwima."

"Anti, kuchipatala anatiuza kuti tisamatero."

"Achipatala akusungira ntchito? Wantchito wa m'nyumba womupeza dzulo ungamusiyire khanda ili? Korkor ndi munthu wako."

Ndinkadziona wochenjera kwambiri. Titamufunsa Korkor, anavomera ndisanamalize n'komwe kulankhula. Kufulumira kumeneko kunayenera kunditsina khutu, koma ine ndinali kalikiliki kudziyamikira.

Masabata awiri zinayenda. Sefakor ankadzuka kusanache, kukwera trotro ya ku Ashaiman ndi mwana, kubwerera ku fakitale, ndipo sanachedwenso ngakhale tsiku limodzi. Bwana Quarcoo anandiuza kuti, "Mwaona, Anti? Zinthu zimadzikonza zokha." Koma nkhope ya Sefakor sinali ya munthu amene zinthu zamukonzekera. Masana sankadya nafe. Ankadzitsekera mu labotale n'kumafinya mkaka m'kabotolo, ndipo tsiku lina anandiuza kuti Aseye wayamba kukana bere lake.

Lachisanu la sabata yachiwiri ndinamuperekeza, kuti ndikaone ndi maso anga nzeru zanga zikugwira ntchito. Tinafika dzuwa lisanalowe. Ulendo uno pachingwe panali matewera mbwee. Korkor anakhala pakhonde, nsalu ya pachifuwa ija atamasula, Aseye akuyamwa, kadzanja kake katagwira chala cha Korkor. Kamwana kake kotsiriza kanali pambali kakuthamangitsa ntchentche.

"Amama, mayi aja abwera kudzatenga mwana wathu," kanatero.

Sefakor anaima pomwepo. Ine ndinaseka kuti ndiphimbe, koma kuseka kwake kunatuluka kopanda mchere.

"Khalani pansi kaye, Asisi," anatero Korkor osadzutsa mutu. "Amalize."

Tinakhala. Anamaliza. "Agone kaye pang'ono, mukamunyamula pano abwezera." Tinadikira. Anagona. "Kunja kuli mphepo, ndimuveke kaye chipewa." Chipewa chinasowa, chinapezeka, sichinali chimenecho. Sefakor anaimirira n'kutambasula manja. Korkor anamupatsa, koma pang'onopang'ono, ngati munthu amene akusenda nsalu pachilonda. Aseye atangofika m'manja mwa amayi ake anadzuka n'kuyamba kulira, kulira kwenikweni, nkhope itafiira. Sefakor anamugwedeza, anamuimbira, anamupatsa bere. Mwana anapotoza mutu kuyang'ana komwe kunali fungo limene ankalidziwa.

Korkor anabisa manja ake kumbuyo.

"Asisi Sefakor," anatero, mawu ali otsika, "mutengeni lero, ndipo Lolemba musabwere naye."

"Ndakulakwira chiyani, Korkor?"

"Simunandilakwire. Miyezi isanu ndi inayi ndinkadziuza kuti si wanga. Kuchipatala sindinamuyang'ane nkhope, ndinatembenukira kukhoma. Ndinali nditakwanitsa. Ndiye mwandibweretsera m'nyumba, mwandiikira pabere." Anandiyang'ana ine. "Anti, munaganiza kuti ndine chiyani, fuliji? Ndikukuuzani zoona pamaso pa Mulungu. Mukabwera naye Lolemba, madzulo simudzatipeza. Ndidzapita naye kwathu ku Ada, ndipo mudzandimangitse ngati mukufuna."

Ndinachita mantha, komanso ndinadzida. Ndinawerenga masabata, ndinawerenga mkaka, koma za mtima wa munthu sindinaziike m'masamu anga. Mu trotro Aseye analira mpaka ku Community Four, dera lina la ku Tema, ndipo mayi wina wakumbuyo anakalipa kuti, "Kodi mwanayo ndi wanu? Mpatseni bere!" Sefakor sanatembenuke.

Potsika anandiuza kuti, "Anti, Lolemba musandidikire."

"Usapupulume. Tipeza munthu wina."

"Munthu winanso? Zaka khumi ndi chimodzi ndamudikira mwana uyu, ndipo sakundidziwa. Ndikamusiyenso kwa wina kuti adziwe ameneyo?"

Lolemba sanabwere. Lachiwiri sanabwere. Buku limati munthu akajomba masiku khumi popanda chilolezo wadzichotsa yekha. Tsiku lililonse ndinkalowa kwa bwana Quarcoo, tsiku lililonse ankanditambasulira manja. Amayi a gulu lathu analemba kalata, tinasaina anthu makumi anayi ndi atatu, ndipo yankho linabwera loti nkhaniyi idzaunikidwa pomwe bukuli lizidzakonzedwanso chaka chamawa. Adiza anati akauze Aseye kuti adikire chaka chamawa. Tsiku lakhumi ndi chimodzi bwana Quarcoo anandiitana kuti ndilembe kalata yomuchotsa. Ndinailemba, ndipo zala zanga sizinaphonye chilembo ngakhale chimodzi, zomwe zimandinyansa mpaka lero.

Sefakor anabwera Lachitatu m'mawa kudzatenga kalatayo ndi kusiya makiyi a labotale. Aseye anali kumsana, atagona, tsaya litatsamira pakhosi pa amayi ake. Anali atayambanso kuyamwa. Ndinayamba kupepesa, koma anandidula.

"Dzulo wandisekerera, Anti. Ine, osati wina."

Tikulankhula choncho chitseko chinatseguka. Anali Korkor, atavala yunifomu ya kolongedza, kumutu atamanga kale kaneti ka tsitsi. Ataona chimene chinali kumsana kwa Sefakor anatembenuka msanga n'kuyang'ana kalendala ya pakhoma. Sanapereke moni. Sefakor anakokera nsalu m'mwamba n'kuphimba mutu wa mwanayo, osati mwaukali, koma ngati akumuthandiza mnzakeyo.

Bwana Quarcoo anatuluka mu ofesi mwake atamva mawu.

"Mayi Korkor! Mukutani kuno?"

"Ndabwera kudzayamba ntchito, bwana. Ndachira, ndili ndi mphamvu. Kunyumba ana akapita kusukulu ndimangokhala ndekha n'kumamva mwana akulira, pomwe palibe mwana. Ndipatseni makatoni ndizinyamula."

"Sizingatheke. Mwatsala ndi masabata asanu."

"Sindikuwafuna. Apatseni Asisiwa."

"Buku silikulola kuti mzimayi amene wachira agwire ntchito tchuthi chake chisanathe. Mukadwalira muno tiyankha chiyani? Pitani kunyumba mukapume, mukasamale..." Anadziluma lilime, n'kumalizira potsitsa mawu, "mukadzisamale."

Ndinayang'ana akazi awiriwo, wina atagwira kalata yomuchotsa ntchito chifukwa chokhala ndi mwana wake, wina akuthamangitsidwa kuti akakhale ndi mwana amene alibe. Ndinayang'ana bwana Quarcoo kuti mwina nayenso akuona zimene ndikuona. Ankaona. Thukuta linali litamutuluka pamphumi, koma dzanja lake linali pabuku.

Sefakor anatuluka woyamba. Korkor anadikira mpaka mapazi ake atasiya kumveka pamasitepe, kenako anavula kaneti kaja n'kukapinda bwinobwino.

"Anti Oforiwaa," anatero, "inu ndinu anzeru za maofesi. Masabata asanuwa ndikachite nawo chiyani?"

Aka kanali koyamba pa moyo wanga kuopa kupereka malangizo. Anandidikira pang'ono, kenako anafunsa ngati angatulukire geti la kumbuyo.